Ndemanga: amakaniko a ku Monkey Bay amene anadzutsa jet ski yathu itakhala miyezi 19 osalira

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe ndemanga iyi, chifukwa ndinkafuna kuona kaye ngati ntchito imene inagwiridwa pa jet ski yathu, kabwato ka injini kokwera ngati njinga yamoto, ndi yokhalitsa. Makinawa ndi Yamaha WaveRunner yakale, ya injini ya two-stroke (mtundu wa injini imene imatentha oyilo pamodzi ndi petulo) ya masilinda awiri, 701cc, imene timakweza alendo pamalo athu aang'ono ogona m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi. Tinaivuula mu Epulo 2024, pamene madzi a m'nyanja anakwera mpaka kumiza mchenga wonse ndi kulowa mu shedi imene tinkaisungamo. Tinaikokera kugalaja ya kumtunda n'kuifunditsa lona, thanki ili ndi petulo pafupifupi theka, ndipo chifukwa cha ntchito yokonza malo komanso kusowa kwa mafuta, inakhala pomwepo mpaka Novembala 2025.

Tsiku limene tinafuna kuiliza, batire linali litafa. Ndinagula latsopano, sitata inayamba kuzungulira bwino, koma injini inangotsokomola kamodzi n'kukhala chete. Munthu woyamba amene ndinamuitana amakonza magalimoto. Iye anapopera mankhwala olizira injini kukamwa kwa kabuleta kangapo, kenaka anagamula kuti bokosi la magetsi la CDI, limene limapereka moto ku mapulagi, lapsa ndipo ndiitanitse lina kunja. Chipangizochi si chotchipa, choncho ndisanatulutse ndalama ndinafunsa asodzi a pagombe lathu, ndipo iwo anandilozera kwa amakaniko ena a ku Monkey Bay amene amawakonzera injini za maboti awo. Ndemangayi ikunena za ntchito ya bambo amenewa.

Chimene ndinachiyamikira kwambiri n'chakuti sanafike ndi yankho lokonzeratu. Anayamba ndi kuchotsa mpando n'kusiya chipinda cha injini chotsegula kwa kanthawi, ponena kuti mpweya wa petulo umakhazikika pansi pa bwato ndipo kamoto kakang'ono kakhoza kuuyatsa. Atatero anamasula mapulagi onse awiri, anadonthezera oyilo wa two-stroke pang'ono m'silinda iliyonse, n'kuzunguliza injini ndi dzanja. Anandifotokozera kuti pa makina akale otere impeller, imene imakankha madzi kumbuyo, imazungulira limodzi ndi injini nthawi zonse popanda giya pakati, motero ikagwidwa ndi dzimbiri kapena mwala munthu amaganiza kuti injini ndi imene yauma. Yathu inazungulira mosavuta. Anayeza ndi geji compression, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, ndipo silinda ina inapereka 145 psi, inayo 140 psi. Iwo anati chofunika kwambiri n'chakuti manambala awiriwo asatalikirane. Pomaliza anaonetsetsa kuti kachingwe kozimitsira injini, kamene woyendetsa amamanga padzanja, kalowa bwino pamalo pake, n'kuyesa moto wa mapulagi. Moto unatuluka wamphamvu, wabuluu, mbali zonse ziwiri. Bokosi la CDI limene ndikanagula linalibe vuto lililonse.

Kenaka anachita kanthu kophweka kamene kanasonyeza kumene vuto linali. Anasakaniza petulo watsopano ndi oyilo m'kabotolo, anathira wokwana supuni yaing'ono kukamwa kwa kabuleta, ndipo atadina batani injini inalira masekondi atatu n'kuzima. “Bwana, injini yanu ili moyo, koma sikulandira chakudya,” anatero. Anandichenjezanso kuti mankhwala opopera aja alibe oyilo, pamene injini ya two-stroke imadalira oyilo woyenda limodzi ndi mafuta kuti mapisitoni asakwechesane ndi zipupa za silinda, makamaka ikakhala nthawi yaitali youma.

Petulo wa m'thanki anamupopera m'botolo lagalasi n'kulikweza padzuwa kuti ndione. Anali atasanduka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake ngati la vanishi, ndipo pansi pa botololo panakhazikika madzi otuwa okwana zala ziwiri kuya kwake. Petulo amene timagula kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku zimenezi sizivuta, koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo thanki yosadzaza ikakhala m'mbali mwa nyanja nyengo yonse ya dzinja, madzi amachuluka mpaka iwo pamodzi ndi ethanol amalekana ndi petulo n'kutsikira pansi, kumene paipi imayamwira. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinasunga makinawa osachotsamo mafuta, ndipo amakanikowo anandiuza zimenezi mosabisa koma mwaulemu.

Ntchito yaikulu inali ya kabuleta, ndipo apa m'pamene ndinaona luso lawo. Anayala nsalu yoyera patebulo n'kuika kachidutswa kalikonse motsatana ndi m'mene akuchotsera. Kabuleta ya Mikuni ya pa makina amenewa ilibe kambale kosungira mafuta ngati ya njinga yamoto. Ili ndi timphira topyapyala timene timapopa ndi kuyeza mafuta. Timphirato tinali titauma gwa, moti atapinda kamodzi ndi zala kanathetheka ngati tsamba louma. M'kati muli kasefa kakang'ono kosaposa nsonga ya chala, ndipo kanali katatsekeka ndi phala lofiirira. Kasingano kotsegulira mafuta kanali katamatirira pamalo pake. Asanamasule masikuluwu osinthira kuchuluka kwa mafuta, anawerenga kuti lililonse linazungulizidwa kangati n'kulemba papepala, kuti adzawabwezere m'mene analili. Timabowo tating'ono anatitsuka ndi mankhwala ndi mpweya okha, osalowetsamo waya, chifukwa waya amakuza bowo ndipo injini imayamba kumwa mafuta mopitirira.

Ndinawapempha kuti anyike timphira takale m'mafuta kuti tifewe, tiyambe taigwiritsa ntchito jet ski pa nyengo ya tchuthi, koma anakana. Anati kabuleta yopereka mafuta ochepa imatenthetsa injini ya two-stroke mpaka kuboola pisitoni, ndipo zimenezi zimachitika munthu ali pakati pa nyanja pa liwiro lalikulu. Tinaitanitsa zipangizo zenizeni za Mikuni kuchokera ku South Africa, zimene zinatenga masabata atatu. Zitafika anamanga kabuleta, anayeza ndi kapampu ka geji mphamvu imene kasingano kamatsegukira, anasintha mapaipi a mafuta amene anali atalimba, anatsuka thanki, n'kuika mapulagi atsopano a NGK BR8HS. Anayang'ananso timapaipi ta oyilo ndi kuchotsamo mpweya, ndipo m'thanki yoyamba anathiramo oyilo pa muyeso wa 50:1 (magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo) mpaka titatsimikiza kuti pampu ya oyilo ikugwira ntchito.

Poiyesa pamtunda anandiphunzitsa dongosolo limene sindinkalidziwa: injini iyambe yalira, kenaka mutsegule madzi a paipi, pozimitsa mutseke madzi kaye, injini izime pambuyo. Mukasemphanitsa, madzi amabwerera kudzera mu ekizozi n'kulowa m'masilinda. Tsiku lotsatira m'mawa, nyanja ili bata, anaiyendetsa okha kwa theka la ola, akuyang'anira kabowo ka m'mbali kotulutsa madzi oziziritsa injini, ndipo atabwerera anamasulanso mapulagi kuti aone mtundu wake. Anali ofiirira bwino, osati oyera mbuu kapena akuda ndi mwaye.

Pali zinthu ziwiri zimene sizinandisangalatse. Choyamba ndi nthawi: kawiri konse analonjeza kufika m'mawa koma anafika madzulo, ndipo foni yawo nthawi zambiri inali yosapezeka. Ndikumvetsa kuti asodzi amawafuna kwambiri, popeza bwato likagona pamtunda usiku umodzi banja lonse limataya ndalama, komabe uthenga waufupi wa pa WhatsApp ukanandipulumutsa kudikira tsiku lathunthu. Chachiwiri, sanandilembere mtengo tisanayambe, ndipo ndalama za mayendedwe awo anazitchula pamapeto penipeni. Zonse pamodzi sizinafike pa zimene ndikanawononga pogula CDI, koma ndikulangiza aliyense kuti agwirizane nawo chilichonse pasadakhale, makamaka ngati akubwera kwanu.

Pa miyezi itatu imeneyi jet ski yanyamula alendo nyengo yonse ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndipo imalira pa kudina koyamba kapena kwachiwiri. Ndikuwavomereza kwa aliyense amene ali ndi makina akale a kabuleta, kaya ndi jet ski kapena injini ya bwato. Iwo eni anandiuza kuti ma jet ski atsopano a four-stroke, amene amafuna kompyuta powerenga vuto, sawagwira, ndipo kunena zoona kumeneko kunandiwonjezera chikhulupiriro mwa iwo. Tagwirizana kuti mu Meyi, mwera ukayamba ndipo alendo okwera akachepa, adzabwerenso kudzachotsa mafuta m'thanki ndi mu kabuleta, kuthira oyilo m'masilinda, ndi kutulutsa batire kuti tizilichaja kamodzi pamwezi kunyumba.