Zakudya za mumsewu ku Old Delhi n'zokoma, koma wotiperekeza uja sindinamukhululukire

Ndimafuna kupereka nyenyezi imodzi, koma ndapereka zitatu, ndipo ziwiri zowonjezerazo si za kampani imene inatiyendetsa ayi. Ndikulemba makamaka chifukwa cha inu amene mumabwera ku Delhi kudzaperekeza odwala kapena kudzagula katundu, n'kuona zotsatsa za food walk zija pa intaneti, zoti akuyendetsani wapansi mu Chandni Chowk n'kumakulawitsani zakudya za mumsewu. Ife tinalipira ma rupee 2,500 aja pa munthu, ine ndi achemwali anga, pamene tinkadikira kuti madokotala amasule bambo athu aang'ono. Unali mwezi wa December, kukuzizira, mpweya uli utsi wokhawokha monga mmene Delhi amakhalira nyengo imeneyo.

Wotiperekezayo anatipeza pa siteshoni ya Metro ya Chandni Chowk, mochedwa, osapepesa n'komwe. Kungofika anayamba kutithamangitsa ngati mbuzi zopita kumsika. Gulu lathu linali la alendo ochokera mayiko osiyanasiyana, akuda tinali ife awiri basi. Poyamba zinthu zinayenda. Jalebi, chakudya chotsekemera cha ufa chopindikapindika, wa pakona ya msewu wa Dariba Kalan, pamalo amene amati anayamba mu 1884, ndi wonenepa, wotentha, wokazinga mu ghee (mafuta a batala) kenako n'kumuviika m'madzi a shuga, ndipo chidutswa chimodzi chikukwanirani anthu awiri. Samusa wa kuno musamuyembekezere kuti akhala ngati wa kwathu wopyapyala wa nyama uja. Ndi wamkulu, chikopa chake n'chokhuthala, mkati muli mbatatesi ndi nsawawa, ndipo amamudyera limodzi ndi msuzi wa bwemba wotsekemera. Zonsezi ndilibe nazo mawu.

Vuto linabuka pa gol gappe. Kwa amene simunazionepo, ndi timipira tating'ono ta ufa tokazinga, tophwanyika msanga, mkati mopanda kanthu. Wogulitsa amaboola kamodzi ndi chala chachikulu, amaikamo mbatatesi yophika ndi tchana, kenako amakaviika m'madzi okhala ndi minti, bwemba, mchere wakuda ndi tsabola, n'kukuikirani m'kambale kamene mwagwira. Ku Mumbai amati pani puri, ku Kolkata puchka. Madziwo amakhala amitundu iwiri, otsekemera ndi owawa tsabola, ndipo mwambo wake wogulitsa amafunsa munthu aliyense kuti akufuna ati. Pa fomu yolembetsa ulendowu panali funso la tsabola, ndipo ndinalemba momveka bwino kuti achemwali anga ali ndi vuto la zilonda za m'mimba, tsabola wambiri sadya. Titakumana pa siteshoni ndinamukumbutsanso wotiperekezayo, iye n'kugwedeza mutu.

Tafika pa tebulo la gol gappe, mnyamatayo analankhula ndi wogulitsa m'Chihindi, akuseka, kenako anatulutsa foni yake n'kuyamba kujambula. Anauza achemwali kuti ayambe ndi iwo chifukwa ndi akuluakulu pagulupo. Iwo poona ulemu umenewo anavomera, anaika kampirako mkamwa konse monga anawauzira. Madzi aja anali a tsabola wokhawokha, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita kuuza wogulitsayo kuti awonjezere. Achemwali anatsamwa, madzi anatulukira m'mphuno, misozi ili chuchuchu, akukhosomola mpaka kugwira khoma. Iye foni ili m'mwamba, akuyandikira pankhope pawo, akuseka, akuuza gulu kuti onani mmene amayi a ku Africa akulimbirana ndi tsabola wa ku India. Alendo ena awiri anasekako pang'ono, kenako anazindikira kuti sizoseketsa, anangoti zii.

Munthu wa zaka zoposa makumi asanu, mayi wolemekezeka kwawo, kumusandutsa choseketsa pamsewu wodzadza anthu chifukwa chofuna kanema woika pa Instagram ya kampani. Ndinamuuza kuti azimitse foniyo. Anandiyankha kuti ndisadandaule, alendo onse amasangalala nazo zimenezi. Ndinabwereza mokweza mawu, ndipo apa m'pamene anaiika m'thumba, nkhope itakwinyika ngati wolakwiridwa ndi iyeyo. Achemwali anandikoka malaya n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, zisiyeni, tili kwa eni." Ndinawamvera, koma mtima unali utawira kale.

Amene anakonza zinthu ndi wogulitsa uja, bambo wachikulire wa ndevu zoyera amene Chingerezi sankachidziwa. Atangoona zimene zachitika, anasiya makasitomala ena, anatunga yogati wozizira m'kambale n'kupatsa achemwali, akuwalozera kuti amwe pang'onopang'ono. Madzi sathandiza pa tsabola, mkaka ndiwo umaziziritsa, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Kenako anamukalipira mnyamatayo m'chinenero chawo. Sindinamve mawu ake, koma munthu akamadzudzulidwa umaona. Achemwali atapezako bwino, bamboyo anawakonzera timipira tina, ulendo uno anathiramo yogati ndi msuzi wa bwemba wotsekemera, popanda tsabola ngakhale pang'ono. Anadya, anapempha ena. Ine ndinalawa onse awiri, wotsekemera ndi wowawa, ndipo ndinene zoona, m'zonse zimene ndinadya ku India palibe chimene chimaposa gol gappe. Kampirako kamaphulika mkamwa, kuzizira, kuwawasa, kutsekemera ndi kuyabwa kwa tsabola zonse nthawi imodzi. Nditafuna kumulipira padera anakana, anangoika dzanja pachifuwa. Mbale yake yonse sinkafika ngakhale ma rupee 50.

Chakukhosi chachiwiri ndi Khari Baoli, msika waukulu wa zokometsera ndiwo pafupi ndi mzikiti wa Fatehpuri. Malowo ndi oyenera kuwaona, matumba a tsabola wouma, turmeric ndi cardamom ataunjikana mpaka kudenga, fumbi lake likukuyetsemulitsani musanalowe n'komwe. Koma wotiperekeza uja anatilowetsa m'sitolo imodzi ya mnzake n'kutikhazika pamenepo nthawi yaitali kuposa paliponse pamene tinadya, mwini sitolo akutitsatsa tiyi ndi saffron pamitengo ya alendo. Aliyense woganiza ankaona kuti pali kena kake kamene amalandira. Chifukwa cha kuchedwa kumeneku, Gurudwara Sis Ganj Sahib, nyumba yopemphereramo a Sikh, tinangoidutsa panja, chonsecho pa ndondomeko analemba kuti tikalowa kukaona khitchini imene a Sikh amaphikira anthu chakudya chaulere tsiku lililonse.

Komabe ndisamunamizire, ntchito yake amaidziwa. Ku Paranthe Wali Gali, kanjira kopanikiza kamene anthu akhala akukazingirako paratha, chakudya chonga chapati, kuyambira m'zaka za m'ma 1870, anatipezera pokhala pamene ena ankaimirira pamzere. Paratha wa kumeneko amamuviika yense m'mafuta, ndiye ndi wolemera, mkati amaikamo mbatatesi, kolifulawa kapena zina, nyama mulibe. Mmodzi akukwanirani. Anatifunafuniranso munthu wogulitsa daulat ki chaat, chakudya chimene chimapezeka nyengo yozizira yokha. Ndi thovu la mkaka limene amalipuntha usiku kukuzizira, pamwamba n'kuwazapo saffron ndi mtedza wa pistachio. Mukaika pa lilime limangosungunuka, ndipo dzuwa likakwera limaphwa, n'chifukwa chake ogulitsa amaliika pamwamba pa ayisi. Patokha sitikanalipeza, ndipo tikanalidutsa osadziwa kuti n'chiyani. Achemwali, amene anali chete kuyambira pa gol gappe paja, apa anamwetulira. Wotiperekezayo anatiletsanso kumwa zakumwa zothira ayisi wa mumsewu ndi kudya zipatso zosendasenda kale, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anatsegula m'mimba mawa lake. Kwa munthu amene akusamalira wodwala kuchipatala, chimenecho si chinthu chaching'ono. Tinamaliza ndi tiyi wa mkaka ndi jinja m'tizikho tadothi timene amatitaya mukamaliza kumwa.

Ndiye kodi mulipire? Ngati ndi ulendo wanu woyamba ndipo chipwirikiti cha Old Delhi chikukuopsani, wokuperekezani amathandiza, chifukwa tinjira take n'tosokoneza ndipo ma rickshaw amakudutsani pamapazi. Koma muuzeni poyambirira kuti asakujambuleni popanda chilolezo, ndipo pa gol gappe lankhulani nokha ndi wogulitsa, lozani madzi amene mukufuna, lawani kaye pang'ono. Ngati muli olimba mtima pitani nokha pa Yellow Line ya Metro, sankhani malo amene padzadza anthu a komweko ndi amene akukazinga inu mukuona. Ndalama imene tinalipira pa munthu mmodzi ingadyetse banja lonse mpaka kutsala. Nyamulani ma rupee ang'onoang'ono m'thumba, chifukwa eni dziko amalipira ndi foni pa QR code zija, pamene mlendo njira imeneyo imamuvuta, ndipo wogulitsa mumsewu sakhala ndi chenji cha 500.

Kampaniyi ndinailembera za kanema uja usiku womwewo. Anayankha kuti akambirana naye mnyamatayo, ndipo nditalembanso anandiuza kuti kanemayo amufufuta. Mawu oti pepani sanalembe paliponse, m'malo mwake ananditumizira kuchotsera mtengo pa ulendo wina wokalawa zakudya usiku pafupi ndi Jama Masjid. Sindinawayankhe.