Ulendo wowedza pa boti ku Senga Bay: madala a pa injini ndi amene apulumutsa dzina la kampaniyi

Ndapereka nyenyezi zinayi, ndipo zonsezo n'za madala amene ankayendetsa boti, osati anyamata a pa foni amene ndinapangana nawo za ulendowu.

Kubukitsa sikunavute. Tinalemberana pa WhatsApp ndili ku Lilongwe, ndinatumiza theka la ndalama pa Airtel Money, iwo n'kunditumizira zithunzi za boti ndi ndodo zowedzera. Chimene sananene n'chakuti mafuta a injini ndi apadera. Tinazimvera pamchenga m'bandakucha, katundu titatsitsa kale, ana akudumphadumpha kufuna kukwera. Pamenepo munthu ungabwerere? Tinalipira. Ndalamayo sinali yoopsa, chinandiwawa ndi kachitidweko. Majekete oyandamitsa munthu m'madzi analinso a akuluakulu okhaokha. Mayi a kunyumba anakanitsitsa kuti wamng'ono akwere mpaka anyamatawo anathamanga kukabwereka kajekete pa loji ina yoyandikana nayo. Kampani yotenga mabanja pa nyanja ngati imeneyi siyenera kuchita kukumbutsidwa zimenezi.

Titangochoka padoko zinthu zinasintha. Madalawo ndi msodzi wakale, wosalankhulalankhula, koma nyanja akuidziwa. Tisanapitirire chilumba cha Namalenje anatiuziratu kuti amene wabwerera chambo asadzivute: chambo sichitengeka ndi nyambo kawirikawiri, chimagwidwa ndi ukonde. Za mbedza ndi ncheni ndi kampango. Anatenga usipa wauwisi m'kabigiri, n'kumusonyeza mwana wanga kasomekedwe kake, mbedza ilowe kumutu itulukire kumsana kuti nyambo isavuke poponya. Anabwereza modekha mpaka mwanayo anatha yekha. Ncheni yoyamba itakoka, anamugwira dzanja kuti asathamangire kuikola ndi zala. "Iwe, yang'ana mano awo kaye," anatero, akuitsegula kukamwa ndi chala chachikulu chokhakhala. Kampango ndiye amafuna chingwe chifike pansi ndi mtima wodikira. Tinapeza mmodzi yekha, koma wonenepa bwino.

Pamene ndinawalemekezera kwambiri ndi pa zilumba za Maleri. Madzi ake ndi oyera, mbuna zamitundumitundu zikuoneka pamiyala, ndipo alamu anga anayamba kale kumasula chingwe. Madala anangoti, "Ayi achimwene, pano m'paki. Onani ndi maso, jambulani, mbedza ikhale m'boti." Alamu anayesa kunyengerera, mpaka kutchula za kangachepe. Sizinatheke. Zilumbazi zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, ndipo kuwedza n'koletsedwa mamita 100 kuzungulira gombe lake. Panalibe woyang'anira paki aliyense pafupi. Akanalola palibe akanadziwa. Pobwerera anatifotokozera za ku Mbenji, chilumba cha m'dera la mfumu Makanjira ku Salima kumene mafumu amatseka usodzi nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo mowa ndi juga saloleza. Ndinamvetsa kumene khalidwe lawolo linachokera.

Tinapangana zokhala pamadzi mpaka masana, koma dzuwa lisanafike paliwombo iwo anayang'ana kummwera n'kuyamba kukweza nangula. Ife sitinkaona kanthu, nyanja inali bata. Tikuyandikira kumtunda mwera unali utadzuka, mafunde akumenya boti m'mbali, aliyense ali chete atagwira thabwa. Wina angadandaule kuti maola amene analipira sanakwane. Ine ayi. Amene mukufuna kupita pakati pa Meyi ndi Ogasiti dziwani kuti imeneyi ndi nyengo ya mwera, ndipo funsiranitu ngati amabweza ndalama kapena kusintha tsiku nyanja ikakalipa, chifukwa ku ofesi kwawo nkhaniyi anaiyankha mozemba. Zonse mwagwirizana, mafuta, majekete, nyambo, zilembedwe pa WhatsApp musanatumize ndi tambala yomwe. Mukafuna kuthokoza woyendetsa boti, mupatseni m'manja mwake.

Nsomba anatikonzera pagombe pomwepo, kampango n'kutiwotchera pamakala, nsima tinagula kwa amayi ena apafupi. Ndodo zawo n'zakale, ina inali yomanga ndi mphira, koma zinagwira ntchito.

Pa chikwangwani chawo analembaponso za maulendo okawedza mpasa mu mtsinje wa Bua ku Nkhotakota. Kumeneko ndi m'nkhalango yotetezedwa imene bungwe loteteza nyama zakutchire la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, choncho pamafunika chilolezo cha akuluakulu a nkhalangoyo. Alamu anafunsanso ngati amatengera anthu kosaka nyama komweko. Madala anayankha asanamalize n'komwe funso, kuti kumeneko mfuti ndi ya alonda a nyama okha.