ThinkPad T430 ya 2012 nditaiika SSD ndi RAM, ndemanga yanga patatha chaka ndikuigwiritsa ntchito

Laputopu imene ndikufuna ndikuuzeni lero ndi Lenovo ThinkPad T430, inatuluka mu 2012, ndipo ndemanga ino ndikulembera pa yomweyo. Anandipatsa ndi achimwene anga atagula ina yatsopano, anangoti tenga mwina ikuthandiza koma udziwiretu kuti ndi yochedwa zedi. Sananame ayi. Tsiku loyamba ndinaiyatsa nkupita kukachita zina, pobwera ndinapeza timadontho tija ta Windows tidakazungulirabe, ukadina bulawuza uyambe wadikira, ukatsegula fayilo ya Word udikirenso, fani ikulira osapuma kwinaku kunsi kwake kukutentha moti pamiyendo sumatha nayo mphindi khumi. Anthu ambiri apa mpamene amati basi yatha iyi, yakalamba, tipeze ina. Inenso ndinatsala pang'ono kunena zomwezo.

Chinandibweza ndi kaphokoso kena kake. Ndikatsegula chilichonse ndimamva kuti tchetchetche mkati, kalaiti ka hadi disiki kali chiyakire osathima. Nditatsegula Task Manager ndinaona disiki ili pa 100% nthawi yonse pomwe pulosesa yangokhala phee, ilibe chochita, ikudikira disiki iibweretsere zinthu. Nde apa ndinazindikira kuti chokalamba si laputopu yonse ayi, ndi kachipangizo kamodzi kokha kamene kakugwira zinzake miyendo. Pulosesa ya mmenemu ndi Intel Core i5-3320M, makori awiri, 2.6 GHz ndipo imatha kukwera mpaka 3.3 ikapanikizika. Pa zolemba, ma email, Excel ndi intaneti imeneyi ikadali ndi mphamvu zokwanira ndithu.

Hadi disiki yakale ija mkati mwake muli mbale yozungulira ndi kamkono kamene kamathamanga uku ndi uku kusaka fayilo, nchifukwa chake phokoso lija. Ikamakopera fayilo imodzi yaikulu imayesetsa, imafika cha mma 100 MB pa sekondi, koma Windows ikamayaka imawerenga timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri tomwazikana, ndipo pamenepo mpomwe kamkono kaja kamatopa. SSD, disiki yamakono imene imalowa mmalo mwa hadi disiki, ilibe chozungulira chilichonse, ndi matchipi okhaokha. Ine ndinagula Crucial MX500 ya 500GB, ya SATA (mtundu wa polumikizira disiki) ya mainchesi 2.5, pa bokosi analemba kuti imawerenga mpaka 560 MB pa sekondi ndipo malo a disiki a T430 ndi SATA 3 nde imathamanga pafupifupi liwiro lake lonse. Samalani apa abale, ma SSD ambiri masiku ano ndi a M.2 NVMe, tating'ono tatitali ngati kapepala ka chingamu, amenewo mu T430 salowa. Funsani ya SATA, nenani momveka bwino.

Kuika kwake ndi kumene kunandipangitsa kuti ndiikonde laputopuyi. Unazimitsa, wachotsa chaja, watembenuza, batire imachoka ndi timaloko take kunsi popanda sikurudiraiva, kenako kachitseko ka disiki kamagwidwa ndi sikuruwu imodzi basi. Ukakatsegula pali kalilime kapulasitiki, umangokoka disiki nkutuluka yonse. Timalabala ta mmbali ndi kachitsulo kake unasamutsira pa SSD, walowetsa, watseka. Mphindi khumi sizinakwane ndipo ine sindine wokonza makompyuta. Nditainsitola zonse mwatsopano nkuiyatsa, ndinali ndisanakhazikike bwino pampando ndinangoona ikundifunsa pasiwedi. Kalaiti kaja kanangophethira kamodzi kawiri nkukhala chete. Achimwene nditawaonetsa anayamba aitembenuza kaye kuti aone ngati ilidi yomwe ija. Ngati muli ndi mphamvu yogula chinthu chimodzi chokha, gulani SSD, zina zonse zimene ndinene mmunsimu ndi zongowonjezera.

RAM, memore imene laputopu imasungamo zinthu zimene zili zotsegula, inali 4GB. SSD itangolowa laputopu inapepuka koma matabu a bulawuza akachuluka, tinene khumi ndi kuposerapo kwinaku Zoom ili yotsegula, imayambanso kukoka. T430 ili ndi malo awiri a RAM ndipo imalandira mpaka 16GB, kutanthauza ma 8GB awiri. Mtundu wake ndi DDR3 ya laputopu, 1600 MHz, pa sitika amalemba PC3-12800. DDR4 siilowa nkomwe, kamphako kake kali pena, ndiye osaikakamiza mungathyole mano a slot. Malo amodzi ali kunsi kuseri kwa kachitseko, osavuta. Enawo ali pansi pa kiyibodi ndipo apa mtima unagunda pang'ono, sindinama. Umamasula masikuruwu kunsi, kenako umakankhira kiyibodi yonse chakusikirini mpaka kutsogolo kwake kutuluke mmalo mwake, nkuidzutsa pang'onopang'ono. Pansi pake pali kalamba kopyapyala kolumikiza kiyibodi ndi bodi, ine ndinadzutsa mwachangu ndinangomva kakukoka, mwayi ndinaima msanga. Dzutsani ngati mukutsegula buku lakale limene mapepala ake akufuna kuthothoka. RAM imalowa chopendekera, kenako mumaidinikiza mpaka timawaya ta mmbali tilire kuti tha.

Chimene ndikuyamikira kwambiri nchakuti Lenovo anaika poyera buku lokonzera makinawa, amalitcha Hardware Maintenance Manual, ndi PDF yaulere. Muli zithunzi za sitepe iliyonse, sikuruwu iyi ndi yaitali bwanji, imapita pati, muyambe kuchotsa chani musanafike pa chakuti. Ine ndinalitsegula pa foni nkuliika pambali, masikuruwu ndimawaika pa pepala ndikulemba pansi pa iliyonse kumene yachokera, chifukwa akasakanikirana yaitali ikalowa pa malo a yaifupi imatha kuboola zinthu mkati. Musanagwire bodi kapena RAM khudzani kaye chitsulo china chachikulu kuti magetsi a mthupi aja achoke.

Nkhani ya kutentha ndinaisiyira tsiku lina chifukwa kufika pa fani kumafuna kuchotsa zambiri, kiyibodi, pulasitiki yapamwamba yonse, kenako fani ndi mapaipi ake a kopa. Zimene ndinapeza pakati pa fani ndi timazenera totulukira mpweya zinali ngati kachidutswa ka bulangete, fumbi ndi ubweya zogwirana zolimba moti ndinachikoka ndi zala chinatuluka chathunthu osaduka. Zaka zonsezi fani imapemerera pa khoma limeneli, mpweya osadutsa, nchifukwa chake imalira chonchija. Thermal paste ya pa pulosesa, phala lothandiza kutulutsa kutentha, inali itauma gwa ngati dothi la mchilimwe. Ndinapukuta ndi isopropyl alcohol ndi kansalu kosasiya ulusi, nkuika yatsopano kadontho kamodzi pakati, osachulutsa. Mukamapemerera fani igwireni ndi chala isazungulire mwaliwiro ingaonongeke. Panopa ndikamalemba fani sindiimva, imadzuka pokhapokha vidiyo ikatalika, ndipo pamiyendo ndimakhala nayo mpaka ntchito kutha.

Tsopano pali nkhani ya Windows imene sindingaibise. Microsoft inasiya kupereka ma update a nthawi zonse a Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna katchipi ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso pulosesa ya Intel ya mbadwo wa 8 kupita mtsogolo, pomwe T430 ndi ya mbadwo wa 3 ndipo TPM yake ndi 1.2. Ndiye mwalamulo lake Windows 11 siibwera pa makinawa. Alipo amene amaikakamiza kudzera njira zachidule, ine sindinafune kukhala ndi nkhawa kuti update ina ikadzabwera zidzatheka kapena ayi. Mmalo mwa Windows ndinaika Linux Mint 22, yaulere, inatuluka mu 2024 ndipo ma update ake afika mpaka 2029. Unaiika pa fulashi, wayatsa laputopu ukudina F12, wasankha fulashiyo, ndipo chabwino chake umatha kuiyesa kaye usanainsitole. Wi-Fi, mawu, kamera, mabatani okweza ndi kutsitsa kuwala, kachofiira kaja ka pakati pa kiyibodi kotchedwa TrackPoint, zonse zinagwira zokha osasaka ma driver. Maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi Windows, menu ili pansi kumanzere komweko, Firefox ndi LibreOffice zimabwera zili kale mmenemo. Sabata yoyamba ndimasochera pang'ono, kenako dzanja linazolowera. Koma ndinene zoona, ngati ntchito yanu imadalira Photoshop kapena Microsoft Office yeniyeni yoinsitola, zimenezo pa Linux kulibe, ndipo mafayilo a Word okhala ndi matebulo ovuta nthawi zina LibreOffice imawasuntha pang'ono. Ine ndikamatumiza chinthu chofunika ndimachisandutsa PDF. Ndipo chonde musanainsitole chilichonse koperani zithunzi ndi mafayilo anu kwina, kuinsitola kumatha kufufuta disiki yonse.

Zofooka zilipo ndipo SSD singazithetse. Sikirini ndiye chachikulu. Yanga ndi ya 1366x768, mtundu wa TN, mitundu yake ndi yofuwa ndipo ukangoipendeketsa pang'ono zakuda zimasanduka zotuwa, panja padzuwa ndiye umachita kutsinzinira. Munthu amene wazolowera sikirini ya foni yamakono aiona kusiyana tsiku loyamba lomwe. Kunyumba ndimailumikiza ku monita kudzera pa Mini DisplayPort, ilinso ndi VGA, koma HDMI ilibe nde pamafunika ka adaputa. Ndi yolemera, kupitirira makilo awiri, kuphatikiza chaja mchikwama phewa limadziwa kuti lanyamula. Kamera ndi ya 720p, mchipinda mukachita mdima nkhope imaoneka mbuu. Magirafiki ake ndi Intel HD 4000, vidiyo ya H.264 imaseweredwa bwinobwino koma YouTube masiku ano imakonda kutumiza mitundu ina ya vidiyo, VP9 ndi AV1, zimene tchipi imeneyi siizidziwa, ntchito yonse imagwera pulosesa nde fani imadzuka. Pa 720p zili bwino, 1080p imayesetsa, 4K iwalani. Magemu atsopano ndi kudula mavidiyo akuluakulu, imeneyo si ntchito yake.

Batire yoyamba inali itafa kale, ukangozula chaja imathima nthawi yomweyo. Kusintha nkosavuta monga ndanena, ilipo ya maselo 6 ndi ina yaikulu ya maselo 9 yotulukira kumbuyo. Koma dziwani kuti T430 imayamba yafufuza katchipi ka mu batire, ikapanda kuizindikira siitchaja. Ine wogulitsa wina ananditsimikizira kuti batire yake igwira, nditafika nayo laputopu imayaka koma osatchaja olo pang'ono, ndinavutika kuti andibwezere. Pitani nayo laputopu muyesere pomwepo, muone peresenti ikukwera ndi maso anu musanalipire. Chimodzimodzi kakhadi ka Wi-Fi, BIOS yake, pulogalamu ya pa bodi yoyatsa makinawa, imalola makhadi owerengeka okha, ndiye osangogula kalikonse.

Kiyibodi yokha ndiye ndilibe nayo mawu, mabatani ake amalowa mkati bwino, zala sizitopa, ndimalemba masamba ambiri osamva kuwawa. Mahinji ndi achitsulo, zaka zonsezi sikirini ikaima yaima osagwedera. Madoko a USB 3.0 alipo, pa waya wa intaneti palipo. Pomwe panali DVD ndinachotsapo nkuikapo ka caddy, kabokosi koikamo disiki yachiwiri, mmenemo ndinalowetsa hadi disiki yakale ija kuti izisunga zithunzi ndi mavidiyo, pa ntchito yongosunga ikadali bwino. Zinandisangalatsa kuti sindinataye kanthu kupatula batire yakufa ija, imenenso siyofunika kuponya mu bini wamba chifukwa mabatire a lithium amatha kuyaka moto. Lipoti la United Nations linati mu 2022 mokha dziko lonse linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zasonkhanitsidwa nkukonzedwanso bwino sizinafike olo kota. Ndikaganiza kuti laputopu ino ikanakhala pa mulu umenewo chifukwa cha disiki imodzi ndi fumbi, zimandikhudza ndithu.

Ngati yanu si ThinkPad musataye mtima, malaputopu ambiri a zaka zimenezo a Dell Latitude, HP EliteBook ndi ena amatseguka chimodzimodzi. Lembani dzina lonse la modelo yanu pa intaneti muone ngati disiki ndi ya SATA yochoka komanso ngati RAM ili pa slot, chifukwa ambiri opyapyala a masiku ano RAM anaiwotcherera pa bodi, imene unagula nayo ndi yomweyo mpaka kale. Koma bodi ikakhala kuti inapsa kapena munalowa madzi nkuchita dzimbiri, pamenepo ndiye werengerani bwino, nthawi zina kukonza sikupindula.

Kwa mwana wasukulu, wolemba, wa maakaunti, wophunzira kupanga mapulogalamu, T430 yoikidwa SSD ndi RAM yosachepera 8GB ndikuivomereza ndi mtima wonse, pa zisanu ndikuipatsa zinayi, imodzi yachoka chifukwa cha sikirini. Chatsala kwa ine ndi kabatire kakang'ono ka CMOS kamene kayamba kuiwala nthawi ndikachotsa batire yaikulu, komanso ndikusaka sikirini ya 1600x900 ya modelo yomweyi, buku lija ndaliona kale masitepe ake ndipo pepala la masikuruwu ndinalisunga.