Mafuta a maolivi a ku Crete: okoma pa bonongwe, ongotayika pa tchipisi

Mafuta a maolivi ambiri amene ali pamashelefu m'masitolo akuluakulu mu Blantyre muno amachokera ku Spain, Italy kapena South Africa. A ku Crete, chilumba chachikulu kuposa zilumba zonse za dziko la Greece, amapezeka mwa apo ndi apo, mwinanso amabwera m'chikwama cha m'bale wochokera kunja. Mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo unakweranso kwambiri mu 2023 ndi 2024 chilala chitawononga zokolola ku Spain. Kodi ndi oyenera ndalama zakezo? Inde, koma pokhapokha ali atsopano ndipo mukuwathira pandiwo zopsa kale.

Ambiri timawadziwira m'Baibulo, momwe amatchedwa mafuta a azitona. Ku Crete ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Mitengo yambiri kumeneko ndi ya mtundu wa Koroneiki, wobala tizipatso ting'onoting'ono koma tamafuta ambiri. Amakolola kuyambira Novembala mpaka cha mu Januwale, ife tili kalikiliki kudzala ndi kupalira chimanga. Banja lonse limapita kumunda, ngakhale amene amagwira ntchito m'tauni. Amayala maukonde pansi pa mtengo, kugwetsa zipatso ndi ndodo za injini zopota kunsonga, kuchotsa masamba, n'kulonga m'matumba. Matumbawo ayenera kufika kuchigayo tsiku lomwelo kapena mawa lake. Akagonera masiku angapo, zipatso zimatenthana mkati ngati mphale yonyowa, zimayamba kusasa, ndipo mafuta ake amatsika giredi. Lita imodzi imafuna makilogalamu pafupifupi 5 a zipatso. Banja limasungako akeake m'zitini za malita 17, otsalawo n'kugulitsa.

Musanalipire, tembenuzani botolo muwerenge. Mawu oti extra virgin amatanthauza kuti mafutawo angofinyidwa ndi makina basi, ndipo asidi wake sapitirira 0.8 peresenti. Akalemba cold extraction ndiye kuti pofinya kutentha sikunafike madigiri 27. Kachidindo kozungulira kofiira ndi chikasu, ka PDO, kamatsimikiza kuti zipatso zinalimidwa ndi kufinyidwa m'dera lolembedwalo. Ku Crete mayina odziwika ndi Sitia kum'mawa ndi Kolymvari kumadzulo, chakufupi ndi mzinda wa Chania. Botolo lolembedwa pomace lisiyeni pomwepo ngakhale litatchipa: amenewo ndi mafuta okamulidwa ndi mankhwala kuchokera ku zotsalira za m'chigayo, gaga weniweni.

Chofunika koposa ndi chaka chokolola. Mafutawa si vinyo, sakoma ndi kukalamba. Tsiku lothera ntchito amaliika pafupifupi miyezi 18 kuchokera pamene anawathira m'botolo, ndipo botolo likamafika kuno limakhala litadya kale miyezi ingapo panyanja ndi pamsewu. Apa ndi pamene ogulitsa athu amalakwitsa: amaika mabotolo oonekera mkati pashelefu yapamwamba, pansi pa magetsi owala tsiku lonse. Kuwala ndi kutentha ndizo zimapha mafutawa. Sankhani chitini kapena botolo lobiriwira moderapo, ndipo tengani lakumbuyo.

Kunyumba thirani supuni imodzi m'kakapu, kafumbateni m'manja kuti katenthe pang'ono, nunkhizani, kenaka mezani. A Koroneiki abwino amanunkhira ngati udzu wongotchetcha kumene kapena tsamba la tomato, amawawirako palilime, ndipo amakanda pakhosi mpaka kutsokomola. Ena amaganiza kuti awonongeka, pomwe ndicho chizindikiro chakuti ndi atsopano. Owonongeka amanunkha ngati mtedza wokhalitsa m'thumba, ndipo amasiya ulimbo mkamwa.

Kukoma kwake kumamveka bwino pa ndiwo zamasamba. Agiriki m'nyengo yotentha amadya masamba otchedwa vlita, omwe ndi bonongwe wathu yemweyu. Tengani mipukutu iwiri ya bonongwe wanthete, muuponye m'madzi ambiri owira amchere, osavundikira, osathira soda. Pakatha mphindi 8 kapena 10 tsanulani madzi onse. Mukasiyamo madzi, mafuta amangoyandama pamwamba osagwira masamba. Uzizireko pang'ono, kenaka thirani masupuni aakulu atatu a mafuta ndi madzi a theka la ndimu. Palibe tomato, palibe anyezi. Kunena chilungamo, amene anazolowera zotendera adzaona ngati ndiwozo zapelewera, ndipo pansima zimasowa msuzi. Zimayenda bwino ndi mbatatesi yophika kapena pambali pa nsomba.

Pa chambo chowotcha, sakanizani masupuni atatu a mafuta ndi supuni imodzi ya madzi a mandimu ndi kamchere m'kabotolo, khutchumulani mpaka zichite mbuu, muthire nsomba ikangochoka pamakala. Nyemba nazo ziphikeni monga mwa masiku onse, mafutawa muthire mutaphula, supuni imodzi pambale.

Pokazingira tchipisi kapena mandasi musataye ndalama. Sikuti sangakazingire, koma moto wa mbaula sumvera, fungo lonse munagulalo limathawa ndi utsi, ndipo chiwaya chimodzi chimameza botolo lonse. Ntchito imeneyo isiyireni mafuta a mpendadzuwa kapena a soya.

Kasungidwe ndi vuto lina. Mu Okutobala khitchini ya ku Ndirande kapena Chilomoni yofolera ndi malata imatentha ngati uvuni, ndipo botolo loikidwa pafupi ndi kuka limatha mphamvu m'masabata ochepa. Liikeni m'kabati yapansi yamdima, lotseka bwino, ndipo mukalitsegula lithe m'miyezi iwiri kapena itatu. Mu fuliji mafuta amagwirana n'kuchita timibulu toyera. Sanawonongeke, amasungunuka okha akatuluka, koma kulowetsa ndi kutulutsa tsiku lililonse sikuwathandiza. Banja la anthu asanu lowathira pandiwo kawiri kapena katatu pasabata limakwana ndi botolo la theka la lita. Chitini cha malita atatu kapena asanu muchigule pokhapokha mwagwirizana ndi anzanu kuti mugawane tsiku lomwe mwachitsegula.