Ndemanga yanga pa bokosi la All the Haunts Be Ours patatha miyezi isanu

Ndakhala ndi bokosi limeneli miyezi isanu tsopano, ndipo mafilimu onse amene ali mkatimo ndawaonera, ena kawiri. Ndinachita dala kudikira nthawi yonseyi, chifukwa munthu ukalemba ndemanga katundu akadali kununkhira utsopano, umangoyamikira china chilichonse.

Kwa inu amene simukulidziwa, bokosili linatulutsidwa ndi kampani ya Severin Films, ndipo langali ndi loyamba lija, osati lachiwiri limene linabwera pambuyo pake. Muli zimbale 12 za Blu-ray, ma CD 3 ndi buku. Mafilimu alipo 20, ochokera m'mayiko monga Norway, Poland, Iceland, Italy, Canada ndi Australia. Onse ndi a mtundu umene amautcha folk horror, kutanthauza nkhani zoopsa zomera kuchokera m'zikhulupiriro za anthu akumidzi, m'nthano zawo, m'minda ndi m'nkhalango. Ambiri mwa mafilimuwa anali ataiwalika, osapezeka paliponse kupatula m'makope otopa amene anthu ankapatsirana.

Ine ndinaligulira filimu imodzi, Viy, ya mu 1967, imene inapangidwa ku Soviet Union kuchokera pa nkhani ya Nikolai Gogol. Zaka zapitazo ndinaionera pa kope lina loipa kwambiri la pa intaneti, chithunzi chake chili mbuu ngati mukuyang'ana pa galasi la nthunzi. Nthawi imeneyo ndinalemba kuti ndi filimu yoseketsa chabe, ya zidole zosaopsa ngakhale mwana. Ndinailakwira. Nkhani yake ndi ya Khoma, mnyamata wophunzira zaunsembe, amene akukakamizidwa kupempherera mtembo wa mtsikana kwa masiku atatu, usiku wokhawokha, ali yekha m'tchalitchi chakale chamatabwa chokhomedwa kunja. Pa chimbale ichi ndinaona zimene kope lija linandibisira. Makandulo amene Khoma akuyatsa limodzilimodzi akuwalitsa nkhope za oyera mtima zojambulidwa pakhoma, ndipo nkhopezo zikuoneka ngati zikumuyang'ana mokwiya. Dzanja lake likunjenjemera pamene akulemba mzere wozungulira ndi choko pansi, iye ali pakati. Mtsikanayo atadzuka m'bokosi la maliro, akupapasa m'malere ndi manja ngati pali khoma, chifukwa sangathe kumuona kapena kudumpha mzerewo. Ndinaimitsa filimu pamenepo, n'kubweza, n'kuoneranso. Zilombo za usiku wachitatu zija, zotuluka m'makoma zili mbee ngati phulusa, ndi anthu ndithu opakidwa utoto, koma mdima ukakhala wakuda bwino ndipo kuwala kukakhala pamalo pake, thupi limachita tsembwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuweruza filimu yakale ndisanaione pa kope labwino.

Komabe imene yandikhala pamtima ndi ina, ndipo mulibe mzukwa ngakhale umodzi. Witchhammer ndi filimu ya ku Czechoslovakia ya mu 1970, yosakhala ndi mitundu, imene anatsogolera Otakar Vávra. Ikufotokoza milandu ya ufiti imene inachitikadi kumpoto kwa Moravia kuyambira mu 1678. Zonse zikuyamba ndi kanthu kochepa. Mayi wina wokalamba, wopemphapempha, akubisa mkate wa Ukaristia m'malo moudya, kuti ukaperekedwe kwa ng'ombe imene yasiya kutulutsa mkaka. Akuluakulu akuitanitsa woweruza dzina lake Boblig, ndipo bamboyu akuzindikira msanga kuti chuma cha aliyense wopezeka wolakwa chimalandidwa. Basi, moto wayaka. Amayi akuzunzidwa mpaka kuvomera zimene sanachite, kenako akuwaloweza pamtima mawu oti akanene m'bwalo, ndi maina a anthu ena oti atchule. Akuyamba ndi osauka, akumalizira kwa eni nyumba zabwino, mpaka kufika kwa wansembe Lautner amene anayesa kuletsa zimenezi. Munthu ameneyu analikodi, ndipo anawotchedwa mu 1685.

Chimene chinandidula mawondo ndi nkhope za amuna okhala m'bwalo lija. Akudziwa kuti zonsezi n'zabodza, mukuwaona m'maso kuti akudziwa, koma aliyense wangoti zii, akuganiza za khosi lake. Filimuyi inapangidwa asilikali a Soviet Union ndi anzawo atangolowa m'dzikolo mu 1968, ndipo anthu a kumeneko ankakumbukira bwino milandu yachiphamaso ya m'zaka za m'ma 1950, pamene oimbidwa mlandu ankawerenga zivomerezo zoloweza. Nditamaliza kuonera ndinakhala phee kwa nthawi ndithu, TV itazima. Usiku umenewo sindinathe kulemba kalikonse.

Apa ndi pamene bokosili landiphunzitsa chinthu. Zaka zonse zimene ndakhala ndikusaka mafilimu oopsa osadziwika, ndinkayesa filimu ndi chilombo chake, kuti kodi chaoneka bwanji, chadzidzimutsa kangati. Koma mukaonera mafilimu amenewa motsatizana mumaona kuti mantha ambiri akuchokera kwa anthu. Ndi mudzi umene wagwirizana chinthu koma mlendo sanauzidwe, ndi akuluakulu amene asankha kale woti aperekedwe nsembe. Robin Redbreast, sewero la pa BBC la mu 1970, lili chimodzimodzi. Mayi wochokera ku London akusamukira kumudzi, anthu onse akumulandira ndi ulemu, ndipo ulemuwo ndi umene ukuyamba kuopsa. Dziwani kuti seweroli linajambulidwa ndi mitundu koma kope limene linatsala ndi lopanda mitundu, choncho musayembekezere kuti lioneka ngati Viy. Palibe akanachitira mwina.

Leptirica ya mu 1973, yopangidwira TV ya ku Belgrade, likulu la dziko lakale la Yugoslavia, ndi yaifupi, ola limodzi ndi mphindi zochepa. Pa chigayo china choyendera madzi, aliyense wogona pamenepo amapezeka atafa m'mawa. Theka loyamba lili ngati nthabwala za abambo akumudzi okonda kukangana ndi kumwa, moti mumamasuka. Mathero ake sindikuuzani. Phokoso la chigayocho chikasiya kuzungulira pakati pa usiku ndimalimvabe.

Si mafilimu onse amene anandigwira mtima. Awiri a ku Australia a mu 1988 ndinawaona kuti ndi ofooka poyerekeza ndi anzawo, ndipo sindikuganiza kuti ndidzawabwerezanso. Alipo enanso oyenda pang'onopang'ono kwambiri, oti mukawayamba mutatopa tulo tikupezani. Ngati mumakonda zija za magazi paliponse ndi kudzidzimutsidwa mphindi zisanu zilizonse, bokosi ili likukhumudwitsani, ndipo ndi bwino ndikuuzeni zoona musanawononge ndalama zanu.

Chimbale choyamba chili ndi Woodlands Dark and Days Bewitched, filimu ya mu 2021 ya Kier-La Janisse yofotokoza mbiri ya mtundu wonsewu. Imapitirira maola atatu. Ine ndinaionera poyamba, monga mmene zimbale zinasanjidwira, koma inu ndikukulangizani kuti muisunge mpaka kumapeto, chifukwa imaonetsa tizidutswa ta mafilimu ambirimbiri ndipo tina timaulula zimene mukanafuna kudzionera nokha. Khalaninso ndi cholembera pafupi. Ine ndinadzaza masamba anayi ndi maina a mafilimu oti ndikasake.

Mfundo ziwiri kwa amene mukufuna kugula. Mafilimu a zilankhulo zina ali ndi mawu omasulira a Chingerezi pansi, ndiye mufunika kukhala pafupi ndi TV n'kumawerenga, foni mutaiika kutali. Komanso zimbale za Blu-ray zimagawidwa m'zigawo zitatu za dziko lapansi, A, B ndi C, ndipo chimbale cha chigawo china chikhoza kukana kusewera pa makina a chigawo china, choncho funsani kaye wogulitsa ngati zimbale zonse zingasewere pa makina anu. Zanga zonse zinasewera bwino, ndipo patatha miyezi isanu ndikuzitulutsa ndi kuzibwezera palibe chimene chakandika kapena kudumpha.

Bukulo ndaliwerenga theka, ndipo ma CD ndamvera imodzi yokha, ya nyimbo. Sabata ino ndakhala ndikulembanso ndemanga yanga yakale ija ya Viy kuyambira pachiyambi. Ndafika pa usiku wachiwiri, pamene bokosi la maliro likuuluka mozungulira mzere wa choko uja n'kumaugunda, ndipo m'mawa mwake anthu akuona kuti tsitsi la Khoma lachita imvi.