Tuk-tuk ya ku Ayutthaya, mdala woyendetsa bwino koma anatidyera nthawi pa njovu

Ine ku Thailand sindipitira holide ayi, ndimapita kukaoda madiresi ndi zikwama za ku shopu kwanga pa Chitakale, ndiye masiku onse amathera ku msika wa Pratunam mu Bangkok kukangana mitengo ndi kumanga makatoni. Koma ulendo uno katundu tinamaliza kupereka kwa ajenti Lachiwiri pomwe ndege yathu inali ya Lachinayi usiku, tsiku lathunthu lopanda chochita. Alamu anga a ku Makwasa, omwe kanali koyamba kutuluka kunja, akuti "alamu, ndiye tingokhala mu hotela kumaonera TV yoti sitikumva? tiyeni tikaoneko dziko la eni." Ndi mmene tinapezekera ku Ayutthaya, mzinda wakale wa mabwinja a akachisi. Amayi anzanga oyenda njira imeneyi mwakhala mukundifunsa kuti zinayenda bwanji komanso ngati tuk-tuk ija ili bho, ndiye ndilembe kamodzi basi.

Ayutthaya ili ngati makilomita 80 kumpoto kwa Bangkok. Pa hotela ankatinyengerera kuti tilipire ulendo wa basi ya ma tourist, titamva mtengo tinangoyang'anizana n'kutuluka. Tinakwera sitima wamba pa siteshoni ya Hua Lamphong, third class, mipando yolimba, mafani kudenga, mawindo otsegula, azimayi akudutsa ndi mabasiketi a mpunga ndi zakumwa, alamu akuti zikuwakumbutsa sitima ya pa Luchenza kalekale. Tikiti yake ndi yotchipa moti botolo la juwisi lomwe ndinagula munjira linali lodula kuposa tikitiyo. Maola awiri osakwana tinali tafika.

Mukangotsika pa siteshoni madalaivala a tuk-tuk amakuthamangirani ngati anyamata a kabaza pa Limbuli, kusiyana kwake awa sakulanda chikwama. Aliyense ali ndi khadi lapulasitiki lokhala ndi zithunzi za akachisi, umangoloza chala. Ife tinasankha mdala wina wa imvi, thaulo pakhosi, chifukwa ndi yekhayo amene sankakuwa. Anayamba ndi 300 baht (ndalama ya kumeneko) pa ola, ine ndi ntchito yanga yokakamira mitengo ndinatenga foni yake n'kulemba 1000 ya maola anayi, anaseka, anagwedeza mutu, basi tagwirizana. Musandifunse kuti ndi zingati pa kwacha, ine ndinasiya kuwerengera zimenezo ndikakhala kunja chifukwa BP imakwera.

Ma tuk-tuk a kumeneko si ofanana ndi a mu Bangkok. Kutsogolo kwake kuli ngati mutu wa chule, kumbuyo mabenchi awiri oyang'anizana ndipo denga lake ndi lalifupi kwabasi, alamu polowa anagunda mutu mpaka wigi kupendekeka. Koma inali yaukhondo, ndipo mdalayo amayendetsa mofatsa, palibe pomwe ndinagwira mtima.

Chomwe muyenera kudziwa musanalipire ndi ichi: mdala uja ndi dalaivala, si gaidi. Chizungu chake ndi "one hour", "come back here", "photo photo", kwatha. Amakusiyani pa geti, iye n'kukaimika pamthunzi n'kugona. Ine ndinazolowera anyamata a pa Likhubula oti akamakutengera ku Dziwe la Nkhalamba amakufotokozera chilichonse mpaka za mizimu ya m'phiri, ndiye poyamba zinandinyansa ndithu. Mbiri yonse tinachita kuwerenga tokha pa zikwangwani ndi pa foni. Mzindawu anaukhazikitsa ndi mfumu U Thong cha m'ma 1350, unakhala likulu la Siam, dzina lakale la Thailand, zaka zoposa 400, mpaka mu 1767 asilikali a ku Burma atauzinga kopitirira chaka n'kuutentha. Anthu anathawa, likulu linasamukira kumunsi kwa mtsinje komwe pano kuli Bangkok, kuno kunangotsala mabwinja. Bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1991, womwe uja phiri lathu la Mulanje lalowamo mu 2025.

Anayamba kutipititsa ku Wat Yai Chai Mongkhon, mbali yomweyo ya siteshoni tisanawoloke mtsinje. Kachisi ameneyu akugwirabe ntchito, ansembe achibuda ovala zaolenji alipo, anthu akuyatsa lubani. Pali nsanja yaitali ya njerwa yomwe amati inakulitsidwa pokumbukira kupambana kwa mfumu Naresuan pa nkhondo ndi a ku Burma, ndipo kuzungulira bwalo lonse kuli mzere wa ziboliboli za Buddha zokhala pansi, zina atazifunditsa nsalu zachikasu. Masitepe ake ndi oimirira zedi, ine mwana wa m'mphepete mwa phiri ndinafika pamwamba ndikupuma ngati ndasenza nkhuni kuchokera ku Chambe. Apa chitenje chinatiombola. Salola kulowa maondo ndi mapewa zili pamtunda, azungu ena a tikabudula anachita kufunafuna nsalu pa geti, ife tinangomanga zitenje zathu n'kudutsa ngati eni mudzi. Nsapato valani zovula msanga, muzivula kangapo ndipo simenti yake masana imawotcha mapazi.

Kenako tinawoloka mlatho kulowa mu mzinda wakalewo, womwe ndi chilumba ndithu, wazunguliridwa ndi mitsinje itatu, Chao Phraya, Pa Sak ndi Lopburi. Ku Wat Mahathat ndi komwe kuli chinthu chija chimapezeka pa zithunzi zonse, mutu wa mwala wa Buddha wokodwa m'mizu ya mtengo wonga kachere. Ndisanameyi, ndi waung'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo pamakhala mzere wa anthu. Koma ukayandikira umaona kuti mizu yaufungatira bwinobwino kusiya nkhope yokha, maso otsinzina pang'ono, ngati mwana woberekedwa pa mbereko. Mlonda amakuuza kuti ugwade kapena ukhale pansi pojambulitsa kuti mutu wako usapose wa Buddha. Kwa ife kugwada si nkhani, tinaphunzira tili ana popereka madzi kwa akulu, koma bambo wina wamimba yake anavutika mpaka mkazi wake kumudzutsa ndi manja awiri.

Chomwe chinandigwira kwambiri pamenepo si mutuwo koma mizere ya ziboliboli zopanda mitu. Zakhala phee, miyendo yopingasa, manja pamaondo, khosi lokha. Ukayamba kuwerenga umatopa. Amati zina zinaphwanyidwa pa nkhondo ija, zina mbava zinadzadula pambuyo pake kukagulitsa kunja. Alamu omwe amalongolola tsiku lonse apa anangoti zii.

Ndiye njerwa abale. Ine ndamanga nyumba ndi njerwa zootcha ndekha pa uvuni kuseri kwa nyumba ya amayi, ndimadziwa njerwa yapsa ndi yosapsa, ndiye ku Wat Phra Si Sanphet m'malo moyang'ana nsanja zitatu zotchuka zija, zomwe anasungamo phulusa la mafumu atatu, ine ndinanjuta n'kumayang'ana khoma. Njerwa zake ndi zopyapyala, zotambalala, zofiira bwino, ukaigogoda ndi ndalama yachitsulo imalira ngwee. Mwina pulasitala akadalipo, mwina anayoyoka, nsanja zina zapendekeka ngati zigwa mawa koma zaima choncho zaka mazana, mvula yonse ya dziko lotentha ngati lija. Ine fensi yanga inagwa chaka chachitatu. Pa malo akuluakulu onsewa mlendo amalipira pa geti padera, sizili mu mtengo wa tuk-tuk, ndiye sungani ndalama zing'onozing'ono.

Tsopano pomwe tinayambana ndi mdala. Titatuluka apo, dzuwa lili paliwombo, kutentha kwake kwa chinyontho kuposa ku Nchalo mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, ine ndinamulozera pa khadi kachisi wina wokhala ndi Buddha wogona. Iye "ok ok", kenako tangoona waima pamalo pokwera njovu. Ife sitinapemphe zimenezo. Akuti "photo photo, ten minutes". Njovu zake atazifunditsa nsalu zofiira, mpando pamsana, zikuyenda pa phula lotentha ndi anthu awiriawiri, ine sizinandisangalatse olo pang'ono, njovu timaiona ku Majete ili pa ufulu wake. Tikuti tizipita, mdala sakupezeka, wapita kuseri kukamwa khofi ndi anzake. Atabwera anatiimikanso pa kashopu ka zokumbukira ulendo komwe mwini wake anamupatsa moni ngati m'bale, basi ndinadziwa kuti apa pali kangachepe kake, ife a bizinesi timadziwana. Zonse pamodzi mphindi 40 zinapita, pa maola anayi omwe tikulipira ife.

Alamu anaphulika m'Chichewa chenicheni. "Bambo inu, ndalama zathu sitinatole pansi, mwamva? Takuuzani kuti njovu ife ayi!" Mdala sanamve liwu ndi limodzi lomwe koma nkhope anaiwerenga. Ine ndinamuonetsa wotchi pa foni n'kulemba 40. Anaika manja pamodzi pachifuwa mmene amachitira anthu a kumeneko, anatulutsa mabotolo awiri a madzi ozizira m'kabokosi ka kutsogolo, ndipo kumapeto anatiwonjezeradi theka la ola osatilipiritsa. Ndiye ngati mukupita, muuzeni poyambirira penipeni musanakwere, lozani chithunzi cha njovu n'kupukusa mutu, lozani akachisi anu atatu kapena anayi, jambulani khadilo pa foni. Ndipo anayi akwana, musakakamire kuona onse, pofika wachisanu njerwa zonse zimafanana ndipo mutu umakhala ukuwawa ndi dzuwa.

Pa nkhomaliro ndi pomwe anabweza ulemu wake. Chakudya chotchuka kumeneko ndi ma noodles a m'timbale ting'onoting'ono a msuzi wakuda, womwe nthawi zambiri amathiramo magazi a nkhumba kapena ng'ombe, komanso ma prawn akuluakulu a mumtsinje ootcha pa makala. Alamu ndi a Seventh Day, zonsezo sakhudza. Tinavutika kufotokoza mpaka ndinachita kulira ngati nkhumba n'kupukusa mutu, mdala anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatitengera kwa mayi wina wachisilamu wophika mpunga wachikasu ndi nkhuku, malo osaoneka bwino kunja koma oyera, mbale yodzaza, mtengo wa anthu wamba osati wa alendo. Tokha sitikanapapeza. Potuluka anatigulira roti sai mai ndi ndalama zake, tizikondamoyo topyapyala tobiriwira tomwe umakulungiramo shuga wopota ngati ulusi, alamu akuti "ameneyu ndi mesh wa kumutu uyu". Amatsekemera mopweteketsa mano koma tinagulanso mapaketi awiri.

Cha m'ma 4 koloko anatisiya padoko pomwe mnzake ali ndi boti lalitali la injini yaphokoso, lozungulira chilumba chonse ngati maola awiri. Izi timalipira padera ndipo ndi ndalama zomwe sindidandaula nazo. Pamadzi kamphepo kamakupeza, namasupuni akuyandama ngati pa Shire, timaboti tating'ono tikukoka zimabwato zikuluzikulu za katundu zomangirirana, nyumba zamatabwa zoimika pa mizati, mzikiti apa, tchalitchi apo, kachisi patsogolo. Ng'azi ina yaikulu ngati kamwana ka ng'ona inadutsa pafupi ndi boti alamu n'kukuwa. Tinaima ku Wat Phanan Choeng, kachisi wa mu 1324, wakale kuposa mzinda weniweniwo, mkati muli Buddha wagolide wa mamita 19, umachita kupinda khosi kuti uone nkhope. Padoko lake anthu amagula chakudya n'kumaponyera nsomba, zinsomba zonga milamba zonenepa zikupanikizana mpaka madzi osaoneka, palibe ndi mmodzi yemwe woponya mbedza. Ndinangoti kwathu izi sizikanagona.

Pomaliza Wat Chaiwatthanaram, tsidya la kumadzulo kwa Chao Phraya, womangidwa mu 1630 ndi mfumu Prasat Thong. Nsanja yaikulu pakati yooneka ngati chinangwa choimika, zing'onozing'ono kuizungulira, ndiye dzuwa likamalowa kuseri kwake njerwa zonse zimafiira ngati makala. Atsikana ambiri amabwereka zovala zamakolo awo m'timashopu ta pafupi n'kumajambulitsa, ena anatipempha kuti tijambulitse nawo chifukwa cha zitenje zathu, tinangovomera. Kachisiyu anamira pa madzi osefukira a mu 2011, ndipo pano nthawi ya mvula amaika chotchinga m'mbali mwa mtsinje. Mwini boti analoza khoma n'kuika dzanja pamwamba pa mutu wake kutionetsa pomwe madzi anafika. Ife oti tinaona Freddy mu 2023, Ruo ndi Muloza zitalusa, sitinafunikire womasulira.

Mdala wa tuk-tuk ndimupatsa 7 pa 10. Kuyendetsa bwino, kudikira osadandaula, nkhomaliro ija ndi madzi ozizira, koma zitatuzo zapita chifukwa cha njovu ndi kashopu kaja komanso kusatifotokozera kalikonse. Boti 9, imodziyo ndachotsa chifukwa ma life jacket anali atawapanikiza pansi pa benchi mpaka tinachita kuitanitsa. Pobwerera tinawoloka Pa Sak pa kaboti ka ndalama zachitsulo komwe kamakutula pafupi ndi siteshoni, sitima inachedwa pafupifupi ola, udzudzu unatidya miyendo papulatifomu, tengani mafuta othamangitsira. Mu Bangkok tinalowa usiku ndithu alamu atagona paphewa langa, paketi ya roti ili m'manja, shuga uja atasungunuka kale n'kumata chitenje changa chatsopano.