Lipoti la avalanche la SAIS, muyambe mwaliwerenga musanakwere Cairngorm

Ndakhala ku Scotland kuno zaka zinayi koma sinowo wakuphiri ndinali ndisanamupondepo, ndimangodziwa wa mtauni uja wogwa m'mawa pofika masana wasanduka matope. Nde February wapitayu ana anandiumiriza kuti tipite ku Aviemore akaphunzire ski pa Cairngorm, ine ndikuti tiyeni, kaphiri ka mamita 1,245 kangandiopseze chani munthu woti Sapitwa wa mamita 3,002 ndinamukwera ndili ku sekondale. Matama onsewo anathera pa car park kkkk, chitseko cha galimoto mphepo inachita kundilanda m'manja.

Amene ndikufuna kuwayamikira pano ndi a Scottish Avalanche Information Service, mwachidule SAIS. Anandilozera ndi mnzanga wa kuntchito amene weekend iliyonse amakhala ali m'mapiri, akuti usanalipire kalikonse uyambe waona zimene alemba anthu amenewa. Kwa amene avalanche simukuidziwa ganizirani napolo, kungoti m'malo mwa madzi ndi miyala chikutsetsereka ndi chiphaka cha sinowo chimene chagumuka kumtunda, chikakupeza chimakukwirira ndipo chikangoima chimauma gwa moti olo mkono sungautulutse.

Lipoti lawo ndi laulere, lili pa intaneti, limatuluka tsiku lililonse kuyambira chapakati pa December mpaka mu April, ndipo amalemba za madera 6: Lochaber, Glencoe, Creag Meagaidh, Torridon, Southern Cairngorms ndi Northern Cairngorms komwe tinapita ifeko. Chandisangalatsa ndichoti sikuti amangokhala mu ofesi kuyang'ana kompyuta ayi, pali anthu amene amakwera okha phirilo m'chisanu chomwecho, kukumba dzenje mu sinowo, kuona mmene wasanjikizana, kujambula zithunzi kenako nkudzalemba zoti mawa kukhala bwanji.

Pamwamba pa lipotilo pali chozungulira chokhala ngati kampasi, poyamba ndinangochiyang'ana ngati chigayo cha eni, koma ukachizolowera nchosavuta. Chimaonetsa mbali za phiri, kumpoto, kummawa, kummwera, kumadzulo, ndi kutalika kwake, nde amapaka mitundu. Milingo ilipo 5, Low wobiriwira, Moderate wachikasu, Considerable wa orenji, High wofiira, wotsiriza Very High wakuda. Tsiku lathu mbali zoyang'ana kumpoto ndi kummawa chakumtunda zinali orenji. Ine mu mtima ndimvekere aaa wachitatu yekha, bola si wofiira. Mnzanga uja nditamutumizira screenshot anaimba pompopompo, akuti orenji ndi amene amapusitsa anthu chifukwa phiri limaoneka bwinobwino koma kulemera kwa munthu mmodzi nkokwanira kuligumula.

Chinthu chimene ndachimvetsa chifukwa cha lipotili ndi windslab, mawu amene amabwera pafupipafupi mmenemo. Ine ndimaona ngati ngozi imabwera sinowo akagwa wambiri basi, kumeneko ayi, ku Scotland wolakwa wamkulu ndi mphepo. Imakokolola sinowo mbali imene ikuomba nkukamuunjika kuseri kwa phiri, kumeneko amagwirana nkukhala chibuma cholimba chokhala pamwamba pa wina wofewa, ndipo malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45 ndi amene amakonda kugumuka. Aphunzitsi a ana anga anationetsa ndi maso pambali pa njira, anadula sinowo ndi ndodo ya ski ngati akudula chigumu, pamwamba cholimba kukhuthala ngati chikhatho changa, pansi pake timibulu tangati shuga. Atangochigogoda pang'ono chonse chinasuntha nthawi imodzi ngati mbale pa tebulo lonyowa. Mwana wanga wamng'ono anaseka, ine sindinaseke.

Mphepo ya pamenepo abale sizocheza. Pansonga pa phiri lomweli mu March 1986 anayeza mphepo ya 173 mph. Ya tsiku lathu sinayandikire nkomwe pamenepo koma sinowo amachita kuuluka cham'mbali, kumenya kumaso ngati mchenga wa ku Salima tsiku la mwera, ndikati ndivule glove ndijambule zala zaferatu. Ma lift akumtunda, makina okweza anthu a ski kupita pamwamba pa phiri, anawatseka ndipo anachita bwino, ife ophunzira timangogwa ndi kudzuka kumunsi komweko.

Mudziwe kuti lipotili limathandiza kwambiri anthu otuluka kunja kwa njira zokonzedwa, okwera ku Coire an t-Sneachda, chigwa chozunguliridwa ndi maphompho pafupi ndi malo a ski, ndi malo ngati amenewo. Mkati mwa malo a ski muli a ski patrol amene amayang'anira ndi kutseka pamene pavuta, chingwe chikamangidwa osadumpha. Za ma lift ngati atsegula, kapena ngati geti la msewu pa Glenmore latsekedwa chifukwa cha sinowo, zimenezo muone pa tsamba la eni malowo, si ntchito ya SAIS. Ine ndimaphatikizanso ndi lipoti la nyengo ya m'mapiri la Met Office, a zanyengo a kuno ku UK.

Dandaulo langa lili kwa kashopu kena kobwereketsa zipangizo, dzina sinditchula. Ndinawauza kuti nsapato ikundithina, mnyamata wake akuti zimakhala choncho muzolowera, pamzere anthu mbwee nde ndinangochoka. Chikhadabo cha chala chachikulu chinada bii, mpaka lero sichinabwerere. Inu mukamayesa nsapato muvale sokosi zomwezo mukaseweretsezo ndipo osachita manyazi kubweza.

A SAIS ndawapatsa nyenyezi 5. Tikubwereranso pa holide ya Isitala ngati sinowo adzakhalepo, ndipo mwana wanga wamkulu wayamba kutsegula lipotilo madzulo aliwonse ngakhale tili ku Glasgow, dzulo amandiuza kuti adadi kumpoto kwabwerera chikasu.